Mafunso ndi Mayankho Okhudza Fodya Wakuda wa Flake Wosutira M'kaliwo

Pa mitundu yonse ya fodya wa m'kaliwo, amene amavuta kwambiri kukonza, komanso amene osuta sagwirizana konse pa za kakomedwe kake, ndi fodya wakuda wodindidwa n'kuchekedwa timapisi, yemwe pachitini amalembedwa kuti dark flake. Mayankho otsatirawa alembedwera anthu akuluakulu amene amasuta kale kaliwo, ndiponso alimi ndi ana a alimi amene angafune kudziwa kumene fodya wina wa chikopa amakathera akachoka ku okushoni. Cholinga chake si kukopa munthu aliyense kuti ayambe kusuta.

Kodi fodya wa flake amapangidwa bwanji, ndipo amasiyana pati ndi fodya wamba wa m'kaliwo?

Fodya wamba wa m'kaliwo amabwera ali wodulidwa kale timizere tomwazika, ndipo munthu amangotapa n'kuthira. Wa flake amadutsa njira yaitali. Kufakitale amayamba achotsa kamtengo kapakati pa tsamba lililonse, n'kunyowetsa masambawo kuti afewe, kenako amawasanja m'chikombole ndi kuwapanikiza ndi makina mpaka asanduke chimpanda cholimba chokhuthala masentimita awiri kapena atatu. Chimpandacho amachisiya chili chopanikizidwa kwa masiku angapo, nthawi zina milungu, kuti madzi ndi mafuta a masamba osiyanasiyana alowerane. Pambuyo pake amachicheka timapisi topyapyala, tokhuthala milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo timapisi timeneti ndi timene munthu amatipeza titasanjidwa m'chitini cha magalamu 50.

Kale amalinyero ankapanikiza fodya wawo n'kumumanga molimba ndi chinsalu ndi zingwe pofuna kuti asatenge malo ambiri m'sitima komanso kuti asaume paulendo wautali. Ubwino umenewo ulipobe mpaka lero. Fodya wopanikizidwa salowa mpweya wambiri, choncho amasunga chinyezi kwa nthawi yaitali, ndipo akaikidwa m'kaliwo amayaka pang'onopang'ono osatentha kwambiri. Vuto lake likuchokeranso pomwepo, chifukwa chinthu chothinana ndiponso chonyowa sichigwira moto msanga.

Nanga kudako kumachokera kuti?

Pali njira ziwiri, ndipo wogula ayenera kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi yakuti tsamba lenilenilo ndi lakuda kuchokera kwa mlimi, monga fodya wofukizidwa ndi utsi wa nkhuni kapena woumitsidwa ndi mphepo mpaka kuda. Yachiwiri ndi yakuti tsamba lowala la Virginia, lomwe lili ndi shuga wambiri, limatenthedwa ndi nthunzi kapena ndi makina otentha pamene likupanikizidwa, mpaka limada ndi kusiya ukali wake wobaya lilime. Makampani ena amachita zonse ziwiri pa fodya mmodzi.

Chotsatira chake n'chakuti kuda kwa fodya sikunena za mphamvu yake. Dark Flake amene ankagulitsidwa m'dzina la Dunhill anali wa Virginia wosakaniza ndi fodya wotchedwa Perique wa ku Louisiana ku America, wotsekemera ndiponso wa mphamvu yapakatikati, pamene Dark Flake wa kampani ya Gawith Hoggarth ali m'gulu la fodya wamphamvu kwambiri amene amagulitsidwa m'masitolo. Maina akufanana, koma munthu amene anazolowera woyambayo akhoza kudwala ndi wachiwiriyo.

Kodi n'zoona kuti mumakhala fodya wa ku Malawi?

N'zoona kwa mitundu ina. Kampani ya Gawith Hoggarth, yomwe ili m'tauni ya Kendal kumpoto chakumadzulo kwa England, imafotokoza kuti Dark Flake wake ndi theka la fodya wa ku Malawi wofukizidwa ndi utsi, theka lina la fodya wakuda wa ku India woumitsidwa ndi mphepo. Fodya wa ku Malawi ameneyu ndi yemwe alimi amamutcha wa chikopa, amene m'mabuku a malonda amalembedwa kuti NDDF akakhala wa m'chigawo chapakati, ndi SDDF akakhala wa kumwera. Masamba ake ndi aakulu, okhuthala ndiponso a mafuta, ndipo akathyoledwa amapachikidwa m'balani momwe amasonkha moto wongofuka, wopanda malawi, kwa masiku ambiri mpaka tsamba litamwa utsi. Fungo limene osuta a ku Ulaya ndi ku America amalitama kuti ndi la nkhuni zoyaka ndi la nkhuni zathu zomwe, zimene kusowa kwake ndi limodzi mwa mavuto a ulimi wa fodya ameneyu.

Mbiri yake ndi yakale ndithu. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908. Cha mu 1920, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anayamba ntchito yawo ku Mbabzi pafupi ndi Lilongwe, kumene ankagawira anthu a m'midzi mbewu n'kumagula fodya wofukizayo, ndipo ulimiwo unafalikira mofulumira m'dera la Lilongwe ndi Dowa. Boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926 kuti lizilamulira alimi achikuda amenewa, ndipo okushoni ya ku Limbe inatsegulidwa mu 1938. Kwa zaka zambiri chikopa ndiye anali fodya wa mlimi wamng'ono, chifukwa malamulo ankasungira bale eni maesiteti, kufikira pamene anawamasula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chiyambire nthawi imeneyo bale ndiye wadzaza misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, ndipo chikopa changotsala kagawo kochepa.

Si flake wakuda aliyense amene ali ndi tsamba lathu. Fodya wotchedwa 1792 Flake wa Samuel Gawith, kampani ina ya ku Kendal komweko imene inaphatikizana ndi Gawith Hoggarth mu 2015, amagwiritsa ntchito fodya wofukiza wa ku Tanzania. Irish Flake wa Peterson ali ndi fodya wofukiza wa mtundu wa Kentucky, wosakaniza mofanana ndi bale ndi Virginia. Chodandaulitsa n'chakuti ntchito yodinda, yocheka ndi yoika m'chitini, imene imakweza mtengo wa tsambalo kwambiri, imachitikira kunja, ndipo mlimi amene anagona m'mbali mwa balani akulonda moto kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti dzina la dziko lake limatchulidwa monyadira m'masitolo a fodya a ku London.

Amene amasuta fodyayu amati amakoma bwanji?

Akangotsegula chitini, ambiri amatchula fungo la utsi, la dothi lonyowa, la chikumba chofufutidwa, ndipo ena amanena mosabisa kuti ndi fungo la m'khola. Akayatsa, amati poyambirira utsi umakhala waukali ndi wowawira, wokhala ndi katsabola kobaya m'mphuno, koma moto ukafika pakati pa kaliwo ukaliwo umatsika, ndipo pamatuluka kakomedwe kozama kofanana ndi khofi wopanda shuga kapena mtedza wokazinga mopitirira. Amene amasutanso ndudu zikuluzikulu za cigar amati Dark Flake wa ku Kendal amawakumbutsa zimenezo, makamaka chifukwa cha tsamba la ku India lija. Old Dark Fired wa kampani ya Mac Baren ya ku Denmark anthu amamuona kuti ndi wofatsirapo ndi wotsekemererapo, n'chifukwa chake ambiri amayambira pa iye asanafike kwa a ku Kendal.

Odana naye ali ndi zifukwa zawo zomveka. Amati kakomedwe kake n'kamodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi pa kaliwo, kopanda kusinthasintha kumene amakupeza mu Virginia wowala kapena mu fodya wosakaniza ndi tsamba lina lofukiza lotchedwa Latakia. Amatinso utsi wake umanunkha kwa anthu ena m'nyumba ndipo umakanirira m'makatani ndi m'zovala, ndipo pa mfundo imeneyi ngakhale omukonda satsutsa. Komabe, munthu akawerenga madandaulo ambiri mofatsa, amaona kuti gawo lalikulu silikhudza tsamba lenilenilo. Akuti sankayaka, ankangozima, ankatulutsa madzi, ankawawa pansi pa kaliwo. Zonsezi ndi zizindikiro za fodya amene anaikidwa m'kaliwo akadali wonyowa n'kukokedwa mwaphuma, ndipo si chilungamo kuweruza fodya pa kaliwo mmodzi wokonzedwa motero.

N'chifukwa chiyani ena amati akumva fungo la sopo kapena la maluwa?

Makampani a ku Kendal ali ndi mwambo wakale wothira mafuta onunkhira a maluwa ndi a zomera zina mu fodya wawo, ndipo osuta amalitcha fungo limenelo kuti Lakeland potengera dera la nyanja limene tauniyo ili. Mu fodya uja wotchedwa 1792 Flake amathiramo njere ya tonquin ya ku South America, imene fungo lake limayandikira vanila ndi udzu wongomwetedwa kumene. Ena amalikonda kwambiri, ena sapirira nalo ngakhale pang'ono. Dark Flake wa Gawith Hoggarth alipo wothira zonunkhira ndi wosathira, ngakhale kuti osuta ena amati ndi wosathirayo amamvamo kafungo ka maluwa patali, popeza onse amapangidwira m'fakitale imodzi.

Kodi mphamvu yake ndi yoopsa monga amanenera?

Inde, ndipo pamenepa sipofunika kudzionetsa kulimba. Masamba okhuthala a fodya wakuda ali ndi chikonga chambiri, ndipo chikonga cha mu utsi wa m'kaliwo chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa ngakhale munthu asamezere utsiwo m'mapapo. Wosuta akapyola muyeso amayamba thukuta lozizira, chizungulire, nseru ndi kugunda kwa mtima kofulumira, ndipo zimenezi zimagwera ngakhale anthu amene asuta kwa zaka zambiri. Zikayamba, ayenera kuika kaliwo pansi nthawi yomweyo, kukhala pamalo opita mphepo ndi kumwa madzi. Ambiri amati chakumwa cha shuga chimawathandiza. Zikapitirira, kapena pakakhala kupweteka pachifuwa, ndi nkhani ya kuchipatala. Ozolowera samusuta m'mimba muli njala, saimirira mwadzidzidzi akangomaliza, ndipo amathira theka la kaliwo wamng'ono.

Popeza utsi sumezedwa, ndiye kuti kaliwo ndi wabwinopo pa thanzi kusiyana ndi ndudu?

Palibe njira yosutira fodya imene ili yosavulaza. Osuta kaliwo amadwala khansa ya m'kamwa, ya lilime, ya kholingo, ya kummero ndi ya m'mapapo mochuluka kuposa anthu osasuta, amadwalanso matenda a mtima ndi a nkhama, ndipo chikonga chimamanga munthu ukapolo kaya chalowera m'mapapo kapena m'kamwa. Munthu amene wachoka ku ndudu n'kupita ku kaliwo kawirikawiri amapitiriza kumeza utsi mosazindikira, ndipo ndi fodya wamphamvu chonchi akungoonjezera vuto. Utsi wake umavulazanso ana ndi amayi oyembekezera amene ali m'nyumba yomweyo. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Kuti tsamba ndi lachilengedwe, lopanda pepala, kapena lolimidwa kwathu, sikuchotsa kanthu pa zimenezi.

Kodi n'kofunikadi kumuumitsa asanalowe m'kaliwo?

Pa zonse zokhudza kakonzedwe, iyi ndiyo mfundo yaikulu. Fodya wa ku Kendal amatuluka m'chitini ali wonyowa kwambiri moti kapisi kamapindika osathyoka, ndipo akayatsidwa ali choncho madziwo amasanduka nthunzi imene imawotcha lilime ndi kuphimba kakomedwe konse. Munthu atenge kapisi kamodzi kapena kuwiri, akonzeretu m'njira imene wasankha, n'kuyala pa pepala loyera kapena pa mbale pamalo a mthunzi opita mphepo. Ndi bwino kuyamba wafikisa kapena kudula kenako n'kuyanika, chifukwa kapisi kathunthu kamauma kunja kokha m'kati muli chinyezi.

Kutalika kwa nthawi kumadalira nyengo, ndipo n'chifukwa chake malangizo a pa intaneti amasiyana kwambiri, wina akuti mphindi 20, wina akuti usiku wonse. M'mwezi wa Okutobala ku Lilongwe theka la ola likhoza kukwana, pamene m'nyengo ya mvula, kapena m'nyumba yozizira ya ku Britain, fodya yemweyo akhoza kufuna maola angapo. Wotchi siithandiza kwenikweni, zala ndizo zimadziwa. Munthu atsine pang'ono n'kutaya: fodya akamamatirana n'kukhala chibulumwa ndiye kuti sanaume, akamasuka yekha pang'onopang'ono osamata zala ndiye kuti wafika, koma akamafumbutuka ngati mfutso ndiye kuti wapitirira, ndipo adzayaka mofulumira ndi mowawa. Kuyanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula si kwanzeru, chifukwa kutentha kumachotsa mafuta onunkhira amene munthu analipirira ndalama zake.

Pali njira zingati zomuikira m'kaliwo, ndipo yabwino ndi iti?

Zodziwika ndi zitatu, ndipo iliyonse imasintha kayakidwe ndi kakomedwe. Yophweka kwambiri ndi kufikisa kapisi pakati pa zikhatho mpaka kamasuke kukhala timizere, kenako n'kuthira m'kaliwo pang'onopang'ono monga fodya wamba, osatsindira kwambiri. Fodya wofikisa amagwira moto msanga ndipo sazimazima, koma amayaka mofulumirirapo ndipo chikonga chimabwera pakamodzi. Amene akuyamba kumene ayambire pamenepa.

Yachiwiri ndi kudula kapisi ndi sizasi kapena mpeni wakuthwa mopingasa, kuti patuluke tizidutswa tating'ono ta mbali zinayi, tosaposa mamilimita atatu kapena anayi. Tizidutswa timeneti amangotithira m'kaliwo n'kugogoda pang'ono m'mbali kuti tikhazikike tokha, popanda kukanikiza ndi chala, chifukwa tikatentha timafufuma ndipo tikhoza kutseka njira ya mpweya. Kwa fodya wokhuthala ngati wa ku Kendal njira imeneyi ndiyo imaoneka yopambana, popeza imasunga kuyaka kwa pang'onopang'ono kwa flake koma mpweya n'kumadutsa bwino.

Yachitatu ndi kupinda kapisi kathunthu m'litali, kukapindanso pakati, n'kukalowetsa m'kaliwo mbali yopindikayo ili pansi ndipo nsonga zili m'mwamba, kusiya kampata pansi pake. Ndi njira imene akatswiri amanyadira nayo, ndipo ikatheka utsi umakhala wozizira ndi wokhalitsa kuposa njira zina zonse. Koma imafuna flake wopyapyala ndi wouma bwino, monga wa Mac Baren, ndipo ndi fodya wonyowa wokhuthala imangomaliza machesi. Pa njira yachiwiri ndi yachitatu, kumwaza tinyenyeswa touma pamwamba kumathandiza kuti moto ugwire. Musanayatse, kokani mpweya kaye: ukamavuta kudutsa, khuthulani n'kuyambiranso, chifukwa kaliwo wothinana sakonzeka ndi moto.

Nanga akamangozima?

Kuzima si cholakwika. Poyamba amayendetsa moto wa machesi pamwamba ponse kwinaku akukoka pang'onopang'ono, fodya n'kutukumuka, ndipo amamutsindira mopepuka ndi chotsindirira kuti pamwamba pakhale posalala, kenako n'kuyatsanso kachiwiri, ndipo moto wachiwiriwu ndi umene umakhalitsa. Ndi flake wakuda pangafunike kachitatu. Akazima pakati, achotse phulusa lomasuka n'kuyatsanso. Choipa ndi kukoka mwamphamvu ndi mofulumira poopa kuti moto uzima, chifukwa kumeneko ndiko kumatenthetsa kaliwo, kuwotcha lilime ndi kudzaza madzi owawa pansi. Mutu wa kaliwo ukatentha moti dzanja silingaugwire bwino, auike pansi uzizire. Madzi akayamba kulira m'kampope, alowetsemo kawaya kaubweya kotsukira kaliwo kuti kamwe madziwo. Osuta ambiri amanenanso kuti fodya wotereyu akasutidwa pang'ono n'kusiyidwa maola angapo, amakoma kwambiri pomuyatsanso.

Kodi pamafunika kaliwo wapadera?

Wa dzenje laling'ono ndi lopapatiza ndiye woyenera, chifukwa amachepetsa muyeso wa chikonga ndipo kapisi kopinda kamakhala bwino mmenemo. Kaliwo wa mtengo wa briar amamwa fungo la fodya, ndipo tonquin kapena mafuta a maluwa akalowa m'mtengomo amamveka mu fodya wina aliyense kwa nthawi yaitali. Pa chifukwa chimenechi ambiri amapatula kaliwo mmodzi wa fodya ameneyu yekha, kapena amayesera kaye mu kaliwo wa chitsononkho, ngati amene kampani ya Missouri Meerschaum ya ku America imapanga, yemwe ndi wotsika mtengo. Wadongo ndi wa mwala wa meerschaum wa ku Turkey sasunga fungo kwambiri.

Asungidwe bwanji, ndipo zoyera zimene zimaoneka pa timapisi n'chiyani?

Chitini chikatsegulidwa sichitsekanso mpweya bwinobwino, choncho fodya amene sathe m'milungu iwiri kapena itatu asamutsidwire m'botolo lagalasi louma, lokhala ndi chivindikiro chothina, n'kuikidwa pamalo ozizira opanda dzuwa. M'botolo lotere amakhala zaka, ndipo amene ali ndi Virginia wambiri amanka natsekemera, pamene wa tsamba lofukiza lokhalokha amangofatsa pang'ono osasintha kwenikweni. Jumbo ya pulasitiki ndi ya masiku ochepa chabe.

Zoyerazo zili mitundu iwiri. Timiyala tonyezimira tomwazika mopyapyala pa kapisi kakale timachokera mu tsamba lenilenilo ndipo osuta sada nato nkhawa. Koma zikakhala zaubweya, zotukumuka, zomera m'timagulu, zoyera kapena zobiriwira, ndiponso zonunkha chinyontho, ndiye kuti fodya wachita chuku. Wotero atayidwe yense, osati mbali yokhayo imene ikuoneka, ndipo botolo liwiritsidwe lisanagwiritsidwenso ntchito. M'miyezi ya mvula vuto limeneli limabwera msanga kwa amene amathira madzi mu fodya pofuna kumufewetsa.

Kodi mlimi wa chikopa angathe kudzipangira yekha flake?

Mfundo yake si yachilendo kwa munthu amene amadinda mabelo pa jeke, ndipo m'maiko ena anthu amene amalima fodya wawo kuseri kwa nyumba amadinda timpanda tating'ono ndi kabokosi ka matabwa ndi chopanira cha kalipentala. Amachotsa timitengo ta masamba, kuwafewetsa ndi nthunzi kapena madzi ochepa kwambiri, kuwasanja m'kabokosi koyalidwa pepala losamata, kupana mwamphamvu n'kumaonjezera kupanako tsiku ndi tsiku kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako n'kucheka ndi mpeni wakuthwa.

Kusiyana kwake ndi kwa kufakitale kuli pa zinthu ziwiri. Choyamba, tsamba la chaka chomwecho ndi laukali kwambiri, ndipo makampani amagwiritsa ntchito fodya amene wagona m'mabelo kwa nthawi yaitali, n'kumupanikiza ali wotentha, zimene n'zovuta kuchita pakhomo. Chachiwiri, chikopa chokhachokha n'champhamvu mopitirira, n'chifukwa chake opanga amachisakaniza ndi tsamba lina. Chinyezi chikachuluka pang'ono pokha, chimpanda chonse chimachita chuku m'kati musanachitsegule. Kupanga fodya woti agulitsidwe ndi nkhani ina, imene ili pansi pa malamulo a dziko ndi zilolezo za boma, ndipo mlimi amene analima pa mgwirizano ndi kampani ayambe waona zimene pangano lake likunena pa za masamba otsala.